Phukusi Lamasiye

Mchengautuwa, Mzuzu
3 Julaye 2025

Tumbikani,

Mchimwene wako watsekera mayi ako m'kabokosi ndipo kiyi alibe. Ndayamba ndi zimenezi chifukwa ndikayamba ndi moni mkwiyo uzizira, ndipo sindikufuna uzizire.

Monire. Ife kuno tili makora, kupatula mawondo angawa ndi chisanu cha Mzuzu chomwe ukuchidziwa. Mlamu wako Catherine ali bwino, ana ali bwino. Gomezgani ali bwino thupi lokha.

Ukukumbukira makaseti a mayi ako, aja ankajambula pakhonde pano akamaphunzira nyimbo ndi amayi anzawo a Umanyano wa kutchalitchi? Titangoika maliro chaka chatha, Gomezgani anawatenga kupita nawo ku shopu yake yosindikizira mapepala ku Geisha, nkuthira mawu onse m'kabokosi kakuda kamene amati disiki. Apo anachita bwino, sindikana. Makasetiwo anali atagwira chuku, panopa sangalirenso. Ndiye mawu a Rhoda padziko lonse lapansi atsala malo amodzi, m'kanthu kakang'ono ngati sopo wosambira.

Lolemba magetsi anathima iye ali pakati pa ntchito. Atayaka, kabokosi kakukana kutseguka. Kompyuta ikuti sikukadziwa.

Ndinamufunsa kuti zatheka bwanji. Anayamba Chingerezi. Ndinamuuza kuti Chingerezi ndinasiyana nacho mu Sitandade 6, alankhule ngati munthu. Ndiye akuti pali njira zosanjira zinthu mu disiki, monga mmene munthu amasanjira katundu m'nyumba. Ilipo yakale yomwe aliyense amatsata, ilipo yatsopano yothamanga, yomwe iwe unamuletsa ulendo uja unabwera ku maliro. Iye anasankha yoletsedwayo. Akuti, "Adada, ndi yabwino chomene, imasunga zinthu mwamphamvu." Ndinati yasunga nadi, mpaka eni ake sitikuziona.

Akutinso chida chokonzera chilimo mu kompyutamo, koma ndi cha chaka cha dzana, pomwe disiki yasanjidwa mwa chaka chino, ndiye ziwirizi sizikumvana. Ndinafunsa kuti amene amaika zida zakale m'makompyuta a anthu ndi ndani, ndikaonane naye. Anayang'ana pansi nkunena kuti ndi iwe.

Kodi ntchito ija umati umagwira madzulo ukaweruka, yosalipidwa, ndi imeneyi?

Dzulo wabwera ndi mnzake Ronald, wokonza mafoni kumsika. Ameneyo akuti tingoifomata. Ndinafunsa kuti kufomata nkutani. Akuti kusesa zonse nkuyambiranso. Ndinamuuza kuti akasese kwawo. Kabokosi ndalanda, kali m'thumba la jekete langa la kutchalitchi.

Chiliza cha mayi ako tikavundukula pa 30 Ogasiti ku Chintheche. Ndinawalonjeza abale ake kuti tsiku limenelo adzamumva akuimba. Koma ngakhale pakanapanda lonjezo, ine ndikufuna mkazi wanga atuluke mmenemo.

Foni usandiimbire, makutu angawa ukuwadziwa, ndimangomva njuchi. Gomezgani akukana kukulembera, akuti umuseka. Kalatayi ndapatsira Brave wa galimoto ya katundu, anyamuka mawa. Uyankhe naye pobwerera.

Ndine bambo ako,
H. Manda


Mchengautuwa, Mzuzu
10 Julaye 2025

Tumbikani,

Monire, ngati moni ukumufuna. Ndikudziwa kuti kalata yoyamba mwina sinafike, koma iyi singadikire. Ndaipereka kwa mayi wina wa geni wokwera basi.

Mwana ali kuti?

Mchimwene wako wakhala akusindikiza mapepala a pa intaneti pofuna thandizo la disiki ija. Wasiya ena patebulo pano. Ine ndimati ndiyatsire mbaula, ndiye maso anagwera pa dzina lako. Tumbikani Manda, lolembedwa bwinobwino. Pansi pake mawu awiri. Ena onse sindinawamve, koma awiriwa ndikuwadziwa. Loyamba orphan. Mayi ako anaphika phala zaka zambirimbiri pa khitchini ya ana amasiye kutchalitchi, ndipo liwu limeneli linalembedwa ndi penti pakhoma pomwe ndinkawadikirira ndi njinga. Lachiwiri adoption. Limenelo ndinalimva pa wayilesi.

Ndinaitana Catherine kuti andiwerengere zotsalazo, paja iye anafika Fomu 2. Akuti walemba wekha kuti sungathenso kumusamalira, akukula msanga kuposa mphamvu zako, wayesetsa zaka zitatu, amene ali ndi mtima amutenge. Catherine anaima pa liwu lina, akuti apa alemba ngati ndi chinthu osati munthu. Kenako anakumbukira kuti azungu mwana wamng'ono amamutchula choncho. Anthu amenewo ndi otero.

Zaka zitatu, Tumbikani. Ndiye kuti unabwera kudzaika mayi ako mwana utamusiya kwa anthu, nkukhala nafe sabata zonse zija osanenapo kanthu.

Ndipo dzina wamupatsalo ndi dzina lanji? Ndayesa kulitchula, lilime likukana. Zilembo zokhazokha zogundana ngati nambala ya galimoto.

Gomezgani atabwera ndinamuonetsa pepalalo. Anaseka mpaka kutsokomola. Akuti si mwana, ndi pulogalamu. Inu awiri mwakhala mukubisirana kuyambira nthawi ija munkaba nzimbe za a Kamanga, wina akudya wina akuyang'ana njira. Komanso munthu amene wangonditsekera mkazi m'kabokosi sindingamukhulupirire mwezi womwewo.

Sindikufunsa kuti bambo ake ndi ndani. Ndidzafunsa, koma osati lero. Chimene ndikunena ndi ichi: mwana amene mayi ake ali moyo, agogo ake ali moyo, malume ake ali moyo ngakhale ndi wopanda nzeru, ameneyo si wamasiye. Chotsa chikalata chimenecho pa intaneti anthu achilendo asanamutenge. Ngati watopa, umutumize kuno. Nyumba ndi yaing'ono koma tinakuleleranimo nonse.

Kabokosi kadakali m'jekete.

Bambo ako,
H. Manda


Pretoria
15 Julaye 2025

Adada,

Monire Adada. Muli uli? Ndasangalala kumva kuti nonse muli bwino. Mawondowo muzivala buluku wa ubweya uja ndinakutumizirani, osamangomusunga m'sutikesi.

Kalata yanu ya pa 3 yandipeza dzulo. A Brave akuti galimoto inawafera ku Tete. Akubwerera mawa m'mawa, ndiye ndikulemba mothamanga.

Choyamba, mwachita bwino kulanda disikiyo. Musaipereke kwa aliyense. Osati kwa Ronald, osati kwa achimwene, ngakhale atabwera ndi nkhope yachisoni. Mawu a Amama akadalimo, sanafufutike. Chomwe chingawaphe ndi munthu wofuna kuthandiza. Chida chakale chomwe chili mu kompyuta ya achimwene chikakakamizidwa kukonza disiki imeneyo, chikhoza kusokoneza zonse. Ikhale m'jekete momwemo, pouma, kutali ndi mbaula.

Chachiwiri, inde, ntchito ya madzulo ija ndi imeneyi, ndipo phukusi la zida zimenezo linali m'manja mwanga. Ndikunena kuti linali chifukwa ndalisiya. Adada, ndinatopa. Zaka zitatu ndakhala nalo, tulo osaliona bwino. Lero walikonza, mawa lasintha, zomwe linavala mwezi watha sizikulikwananso. Mwini wake ndi munthu wanzeru koma wovuta, ukamupempha kuti achepetse liwiro amakulalatira pagulu. Anthu enanso amandinyoza kuti ndikuchedwa. Ndinaona kuti ndikapitiriza ndidwala. Ndalengeza kuti wina alitenge. Ndidzakufotokozerani bwino ndikapeza mpata.

Koma za Amama musadere nkhawa. Ndikonza chida chatsopano chapadera, ndichiike pa fulashi, ndikutumizireni ndi a Brave ulendo wotsatira. Ndikufuna ndichiyese kaye kuno pa disiki ina yomwe ndiiwononge dala, kuti ndisayesere pa Amama. Chifika tsiku la chiliza lisanakwane.

Achimwene muwauze kuti sindiwaseka. Pang'ono pokha.

Yewo chomene Adada. Ndine mwana wanu,
Tumbikani


Mchengautuwa, Mzuzu
24 Julaye 2025

Tumbikani,

Monire. Kalata yako ndalandira ndipo ndaiwerenga katatu, kamodzi ndi magalasi a Catherine.

Za disiki ndamva, ndipo mtima watsikako. Lamlungu ndinapita nayo kutchalitchi m'jekete momwemo. Rhoda sanajombepo mapemphero ali moyo, sayamba lero. Mchimwene wako wabwera kawiri kudzapempha. Akuti wawerenga kuti pali mawu ena amene ukawalemba chida chakalecho chimagwira mokakamiza, ayese kamodzi kokha. Ndinamuonetsa kalata yako pamene walemba za nkhope yachisoni. Anachoka nayo nkhope yakeyo.

Tsopano nkhani inayo. Ukumutcha phukusi? Mwana wa munthu, phukusi? Wasakaniza nkhani yake ndi ya zida kuti ndisokonezeke, koma ine ndinalera ana. Chimene chimakulanda tulo zaka zitatu, chimene zovala za mwezi watha sizichikwana, ndikuchidziwa. Unali iwe wemwe. Unkalira kuyambira madzulo mpaka atambala, mayi ako nkumayenda nawe pabwalo, ndipo sitinakulembe pa intaneti.

Mwini wakeyo, amene amakulalatira pagulu, ndi wa kuti? Kwawo kuli akuluakulu? Nzeru zimene ukumutamandira nazozo ndi nzeru zanji, munthu wolalatira mayi wa mwana wake pamaso pa anthu? Usabwererenso kwa iye. Apo pokha ndikugwirizana nawe.

Ndikuuze zimene tachita kuno, kuti usanene kuti malo palibe. Kachipinda kaja tinkasungamo makala tasesa. Catherine wapaka laimu. Kabedi ka matabwa komwe ankagonera Zondiwe, mwana wa Gomezgani, ali wamng'ono, ndakakhoma miyendo. Ndawauza amayi a Umanyano, chifukwa nkhani yotere ikabisidwa imadzatuluka yonunkha, bola ituluke ndi ine. Ena anayamba kukweza zikope. Ndinawakumbutsa amene ankawaphikira ana awo amasiye phala. Zikope zinatsika. Mayi Longwe abweretsa bulangeti.

Dzina la nambala ya galimoto lija kuno silidzagwira ntchito. Ngati ndi wamwamuna tidzaona. Ngati ndi wamkazi ndi Rhoda.

Sindinakukalipire mokwanira, ndikudziwa. Mphamvu zake ndilibe. Kuyambira pamene mayi ako anapita, nyumba ino imangomveka wailesi ndi kutsokomola kwanga. Ana a Gomezgani amabwera Loweruka lokha. Ndiye usaganize kuti ukundisenzetsa katundu.

Brave abwere ndi fulashi yokha. Mwana wa zaka zitatu sangayende ndi madalaivala, ndiye ubwere naye wekha pa chiliza.

Bambo ako,
H. Manda


Pretoria
3 Ogasiti 2025

Adada,

Monire. Makalata anu awiri, ya pa 10 ndi ya pa 24, andipeza tsiku limodzi. Mayi wa geni uja anaiwala yoyambayo m'chikwama cha nsomba zouma, ndipo ikununkha mpaka pano. Ndinawerenga nditaima pageti. Ndinaseka mpaka mlonda anabwera kudzaona. Nditafika pa kabedi ka Zondiwe ndinasiya kuseka.

Adada, mwana kulibe. Ndikulumbira pa manda a Amama. Sindinabalepo, sindinabise kanthu. Achimwene ananena zoona, ngakhale ndikumvetsa kuti unali mwezi wovuta kuwakhulupirira.

Ndifotokoze pang'onopang'ono monga ndinayenera kuchitira poyamba.

Chimene chimayendetsa kompyuta ya achimwene sichinapangidwe ndi kampani imodzi. Timachisonkhanitsa anthu ambiri a m'maiko osiyanasiyana, mongodzipereka. Aliyense amatenga pulogalamu kwa amene anailemba, nkuikonza kuti igwirizane ndi zinzake. Chimene wakonzacho timachitcha phukusi. Pakatha zaka ziwiri timamanga maphukusi onse pamodzi nkutseka. Tikatseka sitisinthamo kanthu, kupatula kumata pamene pabooka. Anthu amachikonda chifukwa cha chomwecho. Sukulu, chipatala, shopu ngati ya achimwene, amafuna kompyuta yodzuka lero monga inadzukira dzulo.

Phukusi langa linali la zida za njira yatsopano ija yosanjira disiki. Tinene kuti disiki ndi chitseko, njirayo ndi loko, zida zanga ndi kiyi. Amene anapanga lokoyu akumukonzabe, ndiye amamusintha pafupifupi mwezi uliwonse. Kiyi amene ndinaika pa nthawi yotseka anali wabwino tsiku limenelo. Achimwene anakatenga loko watsopano kunja, kiyi nkutsala wakale uja. Kiyi wotero satsegula, ndipo ukamukakamiza amathyokera momwemo.

Mufunsa kuti bwanji osangoika kiyi watsopano. Ndinayesa. Kiyi watsopano aliyense amafuna kuti zinthu zina zambiri pansi pake zisinthenso, ndipo zinthu zimenezo akutsamira anthu ena masauzande amene sanapemphe kusintha kulikonse. Malamulo athu amakana, ndipo ndikuona kuti amakana bwino. Mwini loko naye amati kiyi wakale ndi woopsa, tisamagawe. Nayenso sakunama. Ine ndinali pakati, uku akukoka uku akukoka. Mapeto ake ndinanena kuti chinthu chimene chikuthamangabe chonchi chisakhale m'nyumba yotsekedwa zaka ziwiri, chidikire chikhazikike. Ndinapempha kuti achichotsemo, ndipo ndinachisiya.

Munthu akasiya phukusi, pa ntchito yathu timati lasanduka lamasiye, ndipo wolitenga timati walilera. Ndi mawu chabe. Ndawagwiritsa ntchito zaka zonsezi osaganizapo za khoma la kukhitchini ya Amama. Mwini wake uja si mwamuna wanga. Sindinamuonepo ndi maso, ndimangodziwa mmene amalembera akakwiya.

Ndipo wolilera wapezeka. Ndi bambo wina wa ku Brazil. Azilisunga padera, kunja kwa nyumba yotsekedwa ija, kumene angalisinthe mwezi ndi mwezi, kuti olifuna azikalitenga akudziwa chimene akutenga.

Fulashi ili mu envelopu yomweyi, ndaimata ndi tepi. Muli kiyi watsopano amene ndamumanga kuti ayime payekha, osadalira chilichonse cha mu kompyutamo. Ndamuyesa pa disiki zitatu zomwe ndinazithimitsira magetsi dala, zonse zinatseguka. Pepala lachiwirilo ndi la achimwene, atsate mzere ndi mzere. Atsegule mongowerenga, osakonza kanthu, akopere zonse ku disiki ina yosanjidwa mwa njira yakale yotopetsa ija. Tsopano mukhoza kuwapatsa kabokosi. Koma mukhalepo.

Amayi a Umanyano ndidzawapepesa ndekha. Za dzina lija sindikudziwa choti ndinene. Yewo, Adada.

Mwana wanu,
Tumbikani


Geisha
13 Ogasiti 2025

Tumbi,

Monire. Fulashi yafika, pepala ndawerenga. Seka tsopano, umalize, tisadzachitire ku Chintheche pamaso pa anthu.

Unanena, sindinamve. Ndinkafuna njira ija chifukwa imatha kubweza fayilo ukaifufuta mwangozi, ndipo makasitomala anga amasintha maganizo pa makhadi aukwati kasanu patsiku. Sindinaganize za kiyi.

Sitinayambe. Adada akuti disiki situluka m'jekete mpaka pakhale batire loti magetsi akathima kompyuta isazime. Apa sindingawatsutse. Timothy wa saluni yoyandikana nane wavomera kutibwereka lake Loweruka masana.

Nkhani ya mwana yawapweteka kuposa mmene akuonetsera. Atawerenga kalata yako anati, "Ndiye laimu uja tapaka chabe." Mawa lake ndinawapeza akubwezera matumba a makala m'kachipinda kaja okha, osafuna thandizo. Kabedi sanakatulutse.

Funso limodzi. Pa mzere wachinayi, ikandifunsa ngati ndikufuna ikonze zolakwika, ndiyankhe kuti ayi ngakhale itafunsa kangati? Kalatayi ndaijambula nkukutumizira pa foni kuti isachedwe. Undiyankhe pa foni pomwepo, ine makutu anga ndi abwino.

Gome


Mchengautuwa, Mzuzu
17 Ogasiti 2025

Tumbikani,

Monire mwana wanga. Tili makora. Mayi ako atuluka.

Ndikuuze mmene zinayendera, chifukwa mchimwene wako akakuuza adzadzikometsera.

Dzulo masana ndinavala jekete nkupita ku shopu. Catherine anatseka chitseko kuti makasitomala asalowe. Batire la Timothy linali pansi, lonunkha mafuta a tsitsi. Ndinatulutsa kabokosi nkukaika patebulo ndekha. Gomezgani analowetsa fulashi yako. Galasi linada bii, kenako tizilembo toyera tinayamba kuyenda ngati linthumbu. Kunja kukuzizira koma iye thukuta pamphuno.

Kompyuta inafunsa funso lija loti ikonze zolakwika. Anati ayi. Inafunsanso. Ndinaona chala chake chikuyendayenda, ndinati, "Iwe, mlongo wako anati chiyani?" Anati, "Ndikudziwa, Adada." Ndinati, "Unkadziwanso ulendo watha." Catherine anatiuza kuti tikapitiriza atitulutsa tonse awiri aipange yekha.

Kenako inangokhala. Osayenda, osalankhula. Gomezgani akuti ikuwerenga. Ine ndinatuluka panja kukaona anthu odutsa. Magetsi anathimadi nthawi yomweyo, wa chigayo kutsidya anayamba kutukwana. Ndinathamangira mkati ndi mawondo omwewa. Batire linali litagwira. Timothy ameneyo ndidzamutengera nsomba kuchokera kunyanja.

Nditakhala pansi, Gomezgani anati, "Adada, taonani." Maina onse anali pagalasi, m'munsi mwa linzake. Kaseti 1, Kaseti 2, mpaka mmunsi. Sindinalole kuti aimbe kanthu mpaka atakopera. Zili pa disiki ya njira yakale, zili pa foni ya Catherine, zilinso pa fulashi ina imene ndikasiya kwa azakhali ako ku Chintheche. Ndinamufunsa ngati njira yakaleyo nayo ili ndi mwini wake wothamanga. Akuti ayi, imeneyo inakalamba, sisinthanso. Ndinati ndiye ndi mnzanga.

Ndiye anatsegula imodzi, yongosankha. Ndinagwira sipika nkuiika pakhutu lakumanzere, lomwe limamvako. Amayi akuimba, mawu a Rhoda pamwamba pa onse monga mwa nthawi zonse, akukokera nyimbo kutsogolo ngati ena onsewo ndi ngolo. Catherine anayamba kulira. Ine ndinali bwino.

Pakati pa ndime yachiwiri nyimbo inaduka. Ndinaganiza kuti disiki yafanso. Koma ndi mayi ako anaimitsa anzawo. Akuti, "Tadikirani." Kenako akukuwa kuloza kuseri kwa nyumba: "Bambo a Gome! Njinga imeneyo mwaigwira kuyambira m'mawa, siichira lero. Bwerani mudye. Ndikachotsa musadandaule."

Ndiye patali, mawu a mwamuna wina wopusa: "Ndikubwera!"

Mayi ako nkuwauza anzawo, "Akubwera. Chikwatirane akubwera." Amayi onse kuseka, mpaka wina kutsokomola. Kenako anayambiranso ndime ija.

Sindinkadziwa kuti zimenezi zilimo. Makaseti aja sindinawamvetserepo, ndinkati ndi za azimayi. Ndinamuuza Gomezgani kuti abwezere pamenepo. Anabwezera. Ndinati abwezerenso. Kachitatu anandionetsa batani loti ndizidina ndekha, iye ndi mkazi wake anatuluka kukagula zinthu zomwe sankazifuna.

Ku Chintheche tidzaimba nyimbo zokha. Kachidutswa aka abale ake sadzakamva, ndi kanga.

Tsopano za mwana amene kulibe. Ndawauza amayi a Umanyano lero tikutuluka m'tchalitchi, usavutike kudzapepesa. Ndinati mdzukulu uja wapezeka kuti ndi kiyi, ndipo wamutenga munthu wa ku Brazil. Sanamve, ndipo sindinabwereze. Mayi Longwe akuti bulangeti ndisabweze. Ndikufunda m'mawondo.

Mtima wanga wapepuka kuti sunataye mwana. Ndinakhala mwezi wathunthu ndikudzifunsa kuti tinakulakwira pati kuti uziopa kubwera naye kwanu. Tsopano ndikugona. Koma anthu a ntchito yanuwo uwauze apeze mawu ena. Liwu limenelo lili ndi eni ake.

Zoti unasiya phukusilo, kaya unachita bwino kaya ayi, nkhani zanu zimenezo, ine sindingaweruze. Ndangoona kuti kiyi wako anatsegula, ndipo walemba kuti unkadwala nazo. Ndiye uzigona. Wa ku Brazil naye adzatopa, adzalemba pepala lake, bambo ake adzapaka laimu.

Kabedi ndakasiya momwemo, makala ndaika mbali inayo. Dzina lija lilipo, silikuthamangira kulikonse. Sindikukukakamiza. Ndangonena.

Ubwere ndi nsapato zotseka, kumanda kuli minga. Ukwere basi, osati galimoto ya Brave, ungadzafike chiliza chitachita ndere.

Catherine wabwera kudzandiphikira lero, ndipo waitana kawiri kuchokera kukhitchini. Koyamba ndinatsegula pakamwa kuti ndiyankhe monga ndimayankhira, ndiye ndinadzimva. Ndasiya pomwepa, ndapita kukadya.

Bambo ako,
H. Manda